Seva Yoiwala Dzina Lake

Lolemba m'mawa, mayi woyang'anira ofesi yojambula mapulani a nyumba asanaike n'komwe chikwama pansi, foni yawo inali italira kanayi. Oimbawo anali ajambuli ogwirira ntchito kunyumba kwawo, ndipo dandaulo linali limodzi: kompyuta yaikulu ya mu ofesi, imene amalowamo ali kutali kuti atsegule mapulani, yawatsekera kunja.

"Ikuti chiyani kwenikweni?" mayiwo anafunsa Madala, mjambuli wamkulu pa onse.

"Ikuti palibe laisensi, mayi."

Mayiwo anakweza maso kukhoma. Laisensi ya bizinesi inali pomwepo m'felemu yake, chidindo chili mbee. Anaijambula ndi foni n'kutumizira ajambuli onse. Madala anayankha mwaulemu kuti chithunzicho chaoneka bwino, koma kompyuta ikukanabe.

Apa mayiwo anaimbira mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene aliyense ankamutchula kuti Mawaya. Ndiye anaika kompyuta yaikuluyo, imene iye ankaitcha seva, miyezi inayi yapitayo. Tsikuli anali kuchipatala ndi mkazi wake wodwala.

"Si laisensi ya pakhomayo, alamu," anatero Mawaya. "Seva imalola anthu kulowa masiku 120 oyeserera. Akatha, imafuna laisensi ya aliyense wolowa. Ndiye kuti atha dzulo."

"Ndiye simunagule?"

"Tinagula khumi. Pepala lake lili m'dirowa yanu yapansi."

"Nanga ikukaniranji?"

"Ndi zimene ndikufuna ndione."

"Lowanitu muli komweko, si mumatero?"

"Alamu, khomo limene ndimalowera ndi lomwe latsekekalo. Lero manja anga ndinu."

Sevayo inkakhala m'kachipinda kuseri kwa khitchini, pakati pa mipukutu ya mapulani akale. Munali mozizira ngati m'firiji, mpando munalibe. Mayiwo anakhala pa katoni, foni ataipana ndi phewa, Mawaya akuwatchulira pasiwedi chilembo chimodzichimodzi. Inalola kachitatu, chifukwa "b" ndi "d" pafoni n'chimodzimodzi.

"Pali kadzina pamwamba kumanzereko. Ikani kamuvi pamenepo, mudine kumanja."

Mayiwo anakankhira kamuviko kumanja kwa sikirini n'kudina. Panatseguka kalendala.

"Mukuona chiyani?"

"Masiku a mwezi uno."

"Ndimati batani lakumanja la mausi, alamu."

"Mukanatero poyamba. Mwati kumanzere, mwatinso kumanja, ine ndigwire ziti?"

Atayendayenda m'timawindo tosawerengeka, anafika pa chizindikiro chofiira. Mayiwo anawerenga mawu a pamenepo pang'onopang'ono, ndipo Mawaya anausa moyo.

"Ndaona. Seva sikudziwa kumene malaisensi akusungidwa."

"Akusungidwa kuti?"

"Mwa iyo yomweyo."

"Ndiye ikufunafuna chinthu chili m'thumba mwake?"

"Eya. Mpaka muilembere dzina lake m'kabokosi ako."

"Sidziwa dzina lake?"

"Imalidziwa, koma imafuna kuuzidwa."

Mayiwo mutu unaima. Anali atalera ana atatu ndiponso apongozi ovuta, koma wofuna kuuzidwa dzina lake lomwe anali asanakumane naye. Analemba dzinalo. Pansi pake panali funso lina la mayankho awiri: malaisensiwa ndi a munthu aliyense, kapena a makina alionse?

"Apa ndiye samalani," anatero Mawaya. "Musankhe..." Kumbali kwake kunamveka mawu a namwino akuitana, kenako foni inaduka. Mayiwo anaimbanso kawiri, osayankhidwa.

Anatsala okha ndi mkokomo wa sevayo. Anaganiza motere: wokanidwa si Madala, chifukwa Madala ali kwawo akumwa tiyi, yokanidwa ndi kompyuta yake. Anasankha makina, n'kuimbira Madala.

"Yasintha mawu, mayi," anatero Madala. "Tsopano ikukana mwa mtundu wina."

"Ndiye kuti tapita patsogolo kapena tabwerera m'mbuyo?"

"Ine zimenezo sindingadziwe."

Mpamene anakumbukira pepala la m'dirowa. Analipeza pansi pa maenvelopu, ndipo pamzere wachiwiri panalembedwa kuti malaisensi khumiwo ndi a munthu aliyense. Anabwerera m'kachipinda muja n'kusintha. Seva inafunsa ngati iyambirenso. Mayiwo anaima chala chili m'malere, akuganiza za mapulani a zaka zisanu ndi ziwiri amene anali m'bokosi limenelo. Anadina atatsinzina.

Sikirini inada. Mkokomo unaleka. Mayiwo anamva thukuta likutsika kumsana m'chipinda chozizira chotero. Kenako timagetsi tinayamba kuphethira, ndipo pasanathe mphindi zisanu uthenga wa Madala unafika: "Ndalowa." Enanso atatu anatsatira.

Mawaya anaimba chakumasana. Mkazi wake anali atapezako bwino, ndipo ankafuna kudziwa zimene mlamu wake anachita.

"Ndinasankha munthu. Ayi, ndinayamba makina, kenako munthu. Kapena dzina lija ndinalilemba kawiri."

"Chizindikiro chija chili chobiriwira tsopano?"

"Sindikudziwa kumene chinapita."

"Chisiyeni choncho, musakhudzenso kanthu. Koma mulembe zonse papepala, mwina tsiku lina ndidzakhalanso kutali."

Mayiwo anatenga pepala ndi cholembera, n'kukhala pa desiki yawo. Analemba nambala wani, n'kuizunguliza bwinobwino. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Mtsikana wolandira alendo atabwera kudzafunsa ngati angauze anthu kuti vuto latha, mayiwo anati, "Auzeni kuti alowe msanga, isanasinthe maganizo."