Kachilombo ka Nyanga ya Mphanda

Tsiku limene ndinkapita kunja kukaphunzira, Aphini anandigwira dzanja pakhomo la chipinda chosungiramo tizilombo ku koleji, n'kundilumbiritsa. Dzinalo tinawapatsa ndife ophunzira awo, chifukwa kolala ya malaya awo inkakhala yodzaza ndi mapini obayira tizilombo.

"Tizilombo tathu tonse tili m'makabati a eni ake kutsidya kwa nyanja," anatero. "Kuti uone kachilombo ka kuseri kwa nyumba ya amako, mpaka upemphe viza. Iweyo ukadzapeza katsopano, kadzagone m'chipinda muno."

"Kadzagona muno, aphunzitsi. Ndalumbira."

Ndinabwerako imvi zili mbuu. Mitengo ya mumsewu wathu anaidula yonse, ndipo m'sitolo momwe ndinkagula mabuku akugulitsamo matayala. Anzanga akale amandifunsa ngati ndikumvabe chilankhulo chathu, ine amene ndinkawalembera makalata ofunsira mbeta.

Ndinafikira kwa achemwali anga. M'mawa wina ndikusamba m'maso pampopi, ndinaona kanthu kakutuluka m'kauna m'matope a m'ngalande. Ndinagwada pomwepo.

"Musakakhudze, achimwene!" anakuwa achemwali, patapata ali kale m'mwamba. "Ndi kaja kowotcha khungu!"

"Tsitsani nsapatoyo, chonde! Kowotchako kamakhala kofiira ndi kakuda. Aka n'kakuda bii. Ndi apachibale chabe."

Chibalecho sichibisika. Onse a banja limeneli amakhala aatali, owonda, ndipo mapiko awo olimba ndi aafupi ngati jekete la mwana litavalidwa ndi munthu wamkulu, mimba yonse ili pamtunda. Ukawaputa amapindira mchira m'mwamba ngati chinkhanira, koma mbola alibe.

"Anzanu amabwera ndi magalimoto, inu mwabwera ndi maondo ogwadira m'matope," anatero achemwali. "Buluku limenelo muchapa nokha."

Ndinali nditayika kagalasi kokulitsira zinthu padiso. Kuseri kwa mutu, kachilomboko kanali ndi nyanga yoloza kutsogolo. Amphongo a mtundu wokumba m'matopewu ndawaonapo mazanamazana m'makabati a kunja aja, onse nyanga yosongoka ngati munga. Iyi inali ya mphanda ngati legeni.

Ndinafukula ngalande yonse ndi supuni ya achemwali, koma kanali kokhako. Ndinakaponya m'kabotolo ka sipiriti, n'kuthamanga kukatenga Aphini pa takisi.

Ndinawapeza pakhonde, maso atayera ndi ng'ala. Sanandifunse za ulendo kapena za ana. Ndinangowauza za nyanga ija.

"Mphanda? Wamwa chiyani m'mawa uno? Ndipatse ndodo yanga!"

Mlonda wa ku koleji anavutika kupeza kiyi. M'chipindamo munkanunkha chinyontho, osati mankhwala othamangitsa njenjete aja amene ankatiyetsemulitsa kale. Ndinapukuta maikulosikopu ndi malaya, n'kuikokera pawindo. Aphini anakhala pampando, chibwano chili pandodo.

"Ukhale maso anga. Tindevu ta kumutu, mfundo zingati?"

"Khumi ndi imodzi. Yoyamba ndi yaitali, kenako tapindika ngati chigongono."

"Eya! Miyendo yakutsogolo?"

"Ili ndi minga m'mbali, ngati chipeso."

"Ndiye khasu lakelo. Wokumba ameneyo. Mapiko?"

"Akuda, koma kunsonga kuli kamzere kachikasu."

"Kachikasu! Mwana iwe, usandinamize, mtima wanga ndi wokalamba. Bwerera kunyangako. Mwina inangothyoka, iwe n'kumati mphanda."

Ndinakatembenuza ndi nsonga ya phini.

"Sinathyoke. Nthambi zonse ziwiri n'zofanana, zosalala, ndipo iliyonse ili ndi ticheya kunsonga."

Aphini anamenya ndodo pansi mpaka fumbi linabuka. Anayamba kutchula pamtima mitundu yonse imene ankaidziwa, umodziumodzi, n'kumaikana okha: uwu nyanga yake ndi yopindika, uwu mapiko ndi ofiira, uwu ndi wamng'ono kwambiri. Ine ndinkavomera ngati kumpingo, chifukwa mabuku amene anatuluka iwo atasiya kuona ndinawawerenga onse, ndipo munalibe. Tinaseka mpaka mlonda anasuzumira pakhomo kuti aone ngati kwagwa zina.

"Palibe anakaonapo," anatero Aphini akupukuta misozi. "Aka ndiye kadzakhala mboni ya mtundu wake. Aliyense wofuna kudziwa mtunduwu adzakwera ndege kubwera kuno, nawonso alaweko mzere wa viza. Tsegula dilowa yapamwamba kumanzere. Pakona ndinasiya malo."

Ndinaikoka. Mapini anali ndondondo m'mizere yawo, timapepala ta maina tili m'malo mwake, m'zilembo zokongola za Aphini. Koma pamapinipo panalibe kanthu. Pansi pa phini iliyonse panali kamulu ka fumbi lofiirira, ndipo timphutsi taubweya tinkayendayenda, tokhuta. Ndinakoka yachiwiri, yachitatu. Chimodzimodzi. Ntchito ya moyo wawo wonse inali itadyedwa, ndipo padenga, pamwamba penipeni pa kabatiyo, panali chibowo choonetsa mitambo.

"Ali bwanji ana anga?" anafunsa.

"Ali m'mizere yawo, aphunzitsi."

"Ndinadziwa. Kabaye tsono, phiko lakumanja, monga ndinakuphunzitsira."

Anasolola phini imodzi pakolala, n'kundipatsa. Ndinaibaya pakona paja, ndipo anamwetulira atamva kulira kwake polowa m'thabwa lofewalo. Ndinatseka dilowa.

Phiniyo inalowa yokha, yopanda kachilombo. Kachilomboko kanabwerera m'kabotolo, kabotolo m'thumba la malaya anga, ndipo sabata yotsatira ndinakatumiza pa ndege kutsidya kwa nyanja.