Njati Itakana Kuzima

Kiyi anali m'manja mwa apongozi, koma injini inali ikulirabe.

"Ndazimitsa! Taonani, kiyi ndi uyu!" anakuwa mkuluyo atamukweza m'mwamba, ngati kuti galimotoyo imuona n'kuchita manyazi.

Mkamwini wawo, amene anthu ankangomutcha Sipanala chifukwa cha ntchito yake ya umakaniko, anatuluka m'bafa sopo ali m'khutu. Phokoso limene anamvalo silinali la munthu woti waponda moto kwambiri. Linkakwera lokha, likulirakulirabe, mpaka magalasi a mawindo anayamba kunjenjemera. Utsi wotuwa unali utadzaza pabwalo moti zovala za pachingwe sizinkaoneka. Zoterezi Sipanala anali ataziona kamodzi kugalaja, ndipo tsiku limenelo injini inaphulika, chitsulo n'kuuluka kukaboola malata.

Galimotoyo inali yakale, ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Apongozi ankaitcha Njati, ndipo kunena zoona ankaikonda kuposa abale awo ena. M'mawa umenewo anaiimika m'kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda kuti itenthe kaye. Ankafuna kutenga adzukulu awo awiri, ana a Sipanala, kupita nawo kumunda kuseri kwa phiri.

"Ana ali kuti?" anafuula Sipanala.

Mkazi wake anali akulimbana ndi chitseko cha kumbuyo, chija chinkatseguka pokhapokha munthu achinyamule kaye ndi bondo. "Ali m'katimu! Chakana!"

"Lowera kutsogolo! Uwakokere pamwamba pa mpando!"

Mayiyo analowa chamutu mu utsimo. Sipanala sanadikire kuti aone. Anakweza boneti, moto wa injini n'kumuwomba kumaso. Chilichonse m'menemo chinkavina, ndipo chitsulo china chinkalira mokhala ngati chikupempha kuti chithyoke. Miyendo yake inkamuuza kuti athawe. Akanathawadi pakanapanda kuti kuseri kwa galasi anaona kadzanja ka mwana wake wamng'ono kakumenya pawindo.

Injini ya dizilo ikalusa chonchi simva za kiyi. Njira ndi kuitseka mpweya basi. Anafunika kuchotsa paipi yaikulu yolowetsa mpweya, koma zida zake zonse zinali kuntchito. Anatsomphola kiyi m'manja mwa apongozi osapempha, n'kuyamba kumasula naye kachitsulo komanga paipiyo. Zala zinkaterereka ndi sopo.

"Ndawatulutsa!" anamva mawu a mkazi wake, pamodzi ndi kutsokomola kwa ana.

"Pita nawo kuseri kwa nyumba! Ubwere ndi thabwa lodulirapo nyama! Thamanga!"

Paipi inavuka. Pakamwa pa injini panatsala pululu, pakukoka mpweya ndi mluzu woopsa. Pamenepo apongozi, amene anazindikira zomwe mkamwini wawo ankafuna kuchita, anapinda dzanja la malaya n'kutambasula chikhatho kuti atseke bowolo.

"Choka iwe!"

Sipanala anawakankha ndi phewa. Mkuluyo anadzandira, n'kukagwa chagada pa maluwa a m'mbali mwa mpanda, chipewa chikugubuduka. Chikwatirireni m'banjamo, Sipanala anali asanawakwezerepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Koma analibe nthawi yochita manyazi. Mkazi wake anafika ndi thabwa, iye n'kuliika pabowo paja. Linakokedwa kuti phwa, ngati lamatidwa. Injini inatsamwa, inagwedeza galimoto yonse, ikufunafuna mpweya m'mbali mwa thabwalo. Analikanikiza ndi manja onse, maso atatsinzina, akudikira chitsulo chimene chimupyoze pachifuwa. Kenako Njati inatsokomola, inanjenjemera, n'kukhala chete.

Agalu a m'makomo ena ankauwa. Sipanala anafuna kuchotsa manja pathabwapo koma anali ataumirira pomwepo.

Apongozi anadzuka okha, atakana dzanja la mwana wawo, mkazi wa Sipanala. Anatola chipewa, anachikuntha pabondo nthawi yaitali kuposa mmene fumbi linalili.

"Kani masiku ano ndine 'iwe'," anatero osayang'ana munthu.

"Pepani, bambo. Bowolo likanakukokani dzanja. Khungu likanatsala m'menemo."

"Chabwino, zapita. Chingwe cha moto chinangokanirira basi. Bwezeranipo paipi yanuyo, a makaniko, dzuwa likukwera. Ana akwere tizipita."

Mantha amene anamugwira Sipanala panthawiyi anaposa oyamba aja. Injini yolusa anali ataigonjetsa ndi thabwa, koma apongozi ake sakanawatseka pakamwa ndi thabwa. Anawadziwa bwino: akanena kuti ulendo ulipo, ulendo ulipo. Ndipo Njati sankalola kuti makaniko aliyense aigwire, ngakhale wa m'nyumba momwemo. Ankati galimoto yabwinobwino ikangogwiridwa ndi makaniko imayamba kudwala.

"Bambo, ndiloleni ndingoona pang'ono. Mukhale pomwepa muzindiyang'anira."

Anayamba ndi chingwe chomwe ankachinenacho. Anachikoka, chinabwerera chokha bwinobwino. Anachikokanso kuti mkuluyo aone ndi maso ake. Kenako analowetsa chala m'paipi ija. Chinatuluka chili noninoni, chakuda, madontho akugwera pansi.

"Muno mumayenera kudutsa mpweya wokha," anatero. "Oilo akutani muno?"

"Ndinu makaniko ndinu. Mukufunsa ine?"

Sipanala anasolola kachitsulo koyezera oilo, anakapukuta, anakabwezera n'kukasololanso. Oilo anali atapitirira kutali mzere wa pamwamba. Sanali wolemera ngati oilo weniweni, ankayenderera ngati tiyi. Anakanunkhiza, n'kukapereka kwa apongozi.

"Munathira liti oilo, bambo?"

Nkhope ya mkuluyo inawala pang'ono, chifukwa apa ndiye panali ponyadira pawo. "Kuthira? Njati sidya oilo ngati tizigalimoto ta anzanuti. Ndiye masiku ano akuchita kuwonjezekera yekha. Ndikayeza lero, ndikadzayezanso, wakwera. Ndimawauza anzanga kuti yanga ija imabereka oilo, iwo n'kumati ndikunama."

"Mayo ine," anatero mwana wawo chapansipansi, atagwira pakamwa.

"Tanunkhizani, bambo. Amati tsoka silinunkha, koma ili likununkha dizilo."

Apongozi ananunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Si oilo amene amawonjezekerayo," anapitiriza Sipanala, akusankha mawu mosamala. "Kapampu kokoka dizilo kabooka m'kati. Dizilo akudonthera pansi, m'mene mumakhala oilo. Wadzaza, wasungunuka, ndiye injini ikatentha akukwera ndi kapaipi kopumira aka n'kulowa momwe mumalowa mpweya. Injini yayamba kumwa za m'mimba mwake. Kiyi amatseka dizilo wa m'thanki yekha. Uyu alibe chomutseka."

"Ndiye tingochepetsako oiloyo, tizipita. Zinazo mudzakonza pobwera."

"M'mapaipimu mwadzaza kale, bambo. Mukangoiliza iyambiranso."

"Ine ndinayamba kuyendetsa galimoto inu musanamere mano. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Ababa, wakutsina khutu ndi mnansi," analowererapo mwana wawo. "Ana anga sakwera m'menemo."

"Iwe khala chete. Ndi adzukulu anganso."

Sipanala anapukuta manja pathalauza. Sanafune kukangana nawo, choncho anangofunsa mofatsa.

"Bambo, ikanakhala kuti yadikira pang'ono, n'kukayambira pamtsetse wa paphiri paja, mukanatani?"

"Ndikanaponda kilachi n'kuchotsa giya."

"Ikanalira mpaka kuphulika, ana ali kumbuyo, chitseko chili chija."

"Ndiye ndikanaisiya m'giya, n'kuponda buleki."

"Mabuleki a Njati mukuwadziwa ndinu, bambo. Ndi matayala onse anayi akukoka. Pakona yachiwiri ija, kumanzere kuli chiyani?"

Apongozi anatembenukira kuphiri kuja. Msewu umenewo ankaudziwa kuposa munthu aliyense, ndipo zinaoneka kuti akuuyenda m'mutu mwawo, kona ndi kona, mpaka paphompho la kumanzere kwa kona yachiwiri. Madontho akuda a pa kachitsulo koyezera oilo ankagwera pansapato yawo yopolishidwa bwino.

Ana aja anali atasuzumira pangodya ya nyumba, m'maso muli pyu ndi utsi. Wamkuluyo anagwira mng'ono wake paphewa.

"Agogo, tikwerenso?" anafunsa, koma mapazi ake akubwerera m'mbuyo.

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pakhonde, mofooka, ngati munthu amene wakalamba tsiku lomwelo.

"Ayi, adzukulu anga. Tsitsani zikwama zanu. Lero kulibe ulendo."

Ana anathamangira kwa mayi awo osati kugalimoto, ndipo zikwamazo anakatsitsa ndi mayiwo. Sipanala anapumira m'mwamba. Anayamba kutsitsa boneti pang'onopang'ono kuti isachite phokoso.

"Musatseke," anatero apongozi. "Chotsani batire."

"Palibe chifukwa, bambo. Bola osailiza basi, mpaka ndibwere ndi kapampu kena."

"Ndati chotsani, mupite nalo kuntchito kwanu, mukalitsekere kumeneko." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ine ndimadzidziwa. Mawa m'mawa mantha akatha, ndidzafuna kuiyesa."

Sipanala anakabwereka sipanala kwa aneba n'kumasula batirelo. Polinyamula kudutsa pakhonde, apongozi anasendeza miyendo kuti adutse, maso ali kwa adzukulu awo.