Mpweya Unali ku Lilongwe

Kampani yogulitsa gasi itatseka depoti yake ya ku Luchenza, Stafford Namakhwa sanadandaule kwenikweni. Iye anali wowotcherera zitsulo pa wokoshopu ya esiteti ya tiyi, ndipo chomwe anaona n'chakuti masilinda anayamba kuchedwa. Kale mpweya ukatha ankangotuma thirakitala, pofika masana yabwera nawo. Tsopano m'dziko lonse munatsala madepoti atatu okha: ina ku Blantyre, ina ku Lilongwe, ina ku Mzuzu. Lole ya esiteti inkapita ku Blantyre kamodzi pa masabata awiri kukasinthitsa masilinda, a ku wokoshopu ndi a ku kiliniki omwe.

Mu Febuluwale 2004 mvula inagwa sabata yathunthu osalekeza. Teleza, mchemwali wake wa Stafford, mayi wamasiye wotchola tiyi, ankalowabe m'munda akutsokomola, mpaka Lachitatu anagwa pamzere wa sikelo dengu lili kumsana. Ku kiliniki anati ndi chibayo, n'kumugoneka.

Lachisanu cha m'ma teni koloko, nesi wa pa kiliniki, mayi Deborah Mulinde, anatulukira pa wokoshopu, yunifolomu itathimbirira matope.

"A Namakhwa, okosijeni wathu watha. Achemwali anu akubanika."

"Si dalaivala Yona wapita ku Blantyre ndi lole m'mawawu?"

"Wapita, koma abwera cha m'ma thu. Sangadikire mpaka nthawi imeneyo. Ndipatseni silinda yanu yakudayo. Si yachipatala, koma mpweya wake ndi womwewo."

"Bwanji osathamangira nawo ku chipatala chachikulu?"

"Ndaimba foni. Akuti nawonso akudikira masilinda ku depoti yomweyo. Komanso wopanda mpweya sangafike n'pamsewu wa tala pomwe."

Anapita onse awiri kwa manijala wa fakitale, a Overton Mwafulirwa, a ku Karonga, omwe anali atakhala pa esitetipo zaka ziwiri zokha. Iwo sanavute.

"Tengani msanga. Ija tinaitsegula Loweruka, ndiye idakali yodzaza, si choncho?"

"Ee, bwana," anatero Stafford, maso ali pansi.

Linali bodza. Lamulungu mabwana kulibe, munthu wina wa ku Goliati anabwera kuseri kwa wokoshopu ndi zitsulo zoti amudulire mafelemu a zitseko. Stafford anadula tsiku lonse, ndipo kudula kumadya okosijeni koopsa. Ankati Yona akabweretsa ina palibe adzadziwe.

Anagoneka silindayo pa wilibala n'kuyamba kukankha chitunda chopita ku kiliniki. Tayala linkatitimira m'matope ofiira, kawiri konse anagwada. Atafika, mayi Mulinde anamangirira geji yawo n'kutsegula. Kasingano kananyamuka pang'ono chabe n'kuima pafupi ndi pofiira. Nesiyo anayang'ana kasinganoko, kenako anayang'ana Stafford.

"Maola anayi, mwina asanu," anatero.

Patapita kanthawi milomo ya Teleza inasiya kuda, ndipo anatsegula maso.

"Achimwene, mwasiya ntchito?"

"Bwana andilola. Usayankhule kwambiri."

"Dengu langa lija anatola ndani? Akapitawo adzati ndataya."

"Lili kwanga."

Teleza anagwedeza mutu n'kugona. Stafford anakhala pa benchi pafupi ndi bedi, akumvera kulira kwa mpweya m'kapaipi.

Wani koloko itangokwana, a Mwafulirwa anabwera okha n'kuwaitanira pakhonde. Yona anali ataimba foni ku ofesi. Makina odzazira mpweya ku depoti ya Blantyre anali atawonongeka kuyambira Lachiwiri. Pa geti panali mzere wa malole ochokera ku Zomba, ku Mulanje, ku Chikwawa, onse opanda kanthu. Akuti odzaza achokera ku Lilongwe Lolemba.

"Ndamuuza kuti asadikire, apite yekha ku Lilongweko," anatero a Mwafulirwa. "Koma ndi lole imene ija akafika atatseka kale. Atenga mawa m'mawa."

"Nanga maesiteti anzathuwa?" anafunsa nesi.

"Ndaimba atatu. Awiri alibe. Enawo ali nayo ya theka, koma mtsinje wadzaza, mlatho sukuoneka n'komwe."

Stafford sanadikire kumva zambiri. Anatsika chothamanga m'minda ya tiyi mpaka kumtsinjeko. Madzi anali ofiira, akukokolola nthochi ndi zitsa. Kutsidya anaona thirakitala ya esiteti ya silinda ya theka ija itaima, anthu awiri atagwirizira silinda pa ngolo yake. Anakuwa, iwonso anakuwa, koma phokoso la madzi linameza mawu onse. Analowa mpaka m'chiuno, madzi anamugwetsa, anapulumukira nthambi ya mtengo. Anayesanso kumtunda pang'ono, chimodzimodzi. Ngakhale akanaoloka, chitsulo cholemera ngati munthu wamkulu akanabwerera nacho bwanji?

Anabwerera ku kiliniki akunjenjemera, nsapato imodzi itapita ndi madzi. Atalowa m'chipindamo anapeza muli zii. Kapaipi kanali katasiya kulira.

Mayi Mulinde anali atamukhazika Teleza tsonga, atamutsamiritsa pa mapilo, mawindo onse atatsegula. Ankamukupiza ndi katoni. Teleza ankakoka mpweya ndi mapewa, kukamwa kuli yasa, maso akuyendayenda. Anagwira dzanja la mchimwene wake n'kulifinya.

Zinatenga ola ndi theka. Nesi anasiya kukupiza, n'kuyamba kupemphera motsitsa mawu. Belu lowerukira ku fakitale lisanalire, Teleza anatsirizika.

Atamufunditsa nsalu, Stafford anatsatira nesi kuchipinda chosambira m'manja.

"Amayi, mpweya uja ndinamaliza ndine. Ndinagwira ganyu Lamulungu."

"Ndinaona pa geji kuti china chake chinachitika."

"Ikanakhala yodzaza, akanachira?"

Mayi Mulinde anapukuta m'manja nthawi yaitali.

"Ikanatifikitsa mawa masana. Mwina Yona akanapezeka atafika, mwinanso ayi. Mwina mankhwala akanayamba kugwira. Sindikudziwa, a Namakhwa, ndipo sindikufuna kukunamizani."

Yona anafika Loweruka dzuwa litapendeka, ndi masilinda asanu ndi imodzi odzaza. Lole yomweyo, atatsitsa masilindawo, inanyamula bokosi kupita kumudzi kwawo ku Masambanjati. Ana awiri a Teleza anakwera kumbuyo pamodzi ndi amalume awo ndi amayi angapo otchola tiyi, atafunda mapepala apulasitiki chifukwa mvula inali itayambiranso.

Lachinayi Stafford analowa mu ofesi ya a Mwafulirwa n'kuwafotokozera zonse, za Lamulungu, za mafelemu, ndi za bodza lija. Ankayembekeza kalata yomuchotsa ntchito, ndipo mumtima ankaifuna. Bwanayo anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Nanenso ndinalakwa," anatero. "Nesi anandipempha mwezi watha kuti tizisunga masilinda awiri apadera. Ndinati tidzaona nyengo ya tiyi wambiri ikatha. Bwererani ku ntchito, a Namakhwa. Chitsulo cha makina oumitsira tiyi chathyoka."

Stafford anapita, anawotcherera chitsulocho, makina n'kuyambanso kuyenda. Anagwira ntchito mpaka mwezi unatha, osayankhula ndi aliyense kupatula poyankha moni. Pa tsiku lomaliza anapereka makiyi a wokoshopu kwa mlonda, anamanga katundu wake pa njinga, n'kupita ku Masambanjati kukalima munda wa mchemwali wake ndi kulera ana aja.