Mpindiro wa Mkanjo Woyera

Mpingo wawo unali ndi mkanjo wobatizira umodzi wokha, ndipo ankausunga ndi Telala. Amene anausoka anali malemu mayi ake, ndiye aliyense wokalowa m'madzi, wonenepa kaya wowonda, ankayamba wadzera pashopu pake kudzayesa.

Lachinayi m'mawa abusa anatulukira ndi nkhalamba yaitali ngati mlongoti. Telala atangoiona, phazi linauma pamakina. Anali bambo ake, amene anachoka pakhomo iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atanyamula wailesi ndi bulangete, n'kukakwatira kwina. Zaka makumi atatu, kalata ngakhale imodzi ayi. Pamaliro a mkazi wawo sanapondepo n'komwe.

"Akuluwa abatizidwa Lamulungu," anatero abusa. "Koma mkanjo uwafupikira. Mungautalikitseko, mayi?"

"Abatizidwa? Awa?" Telala anaponya sizasi patebulo. "Abusa, madzi ake ati angatsuke zimenezi? Mayi anga maso anathera pamakina ano, ife tikugona ndi njala, awa akunona kwina. Lero mano atha, mkazi uja wawapirikitsa, ndiye akumbukira Mulungu? Kumwamba kwasanduka kosungira nkhalamba?"

"Mayi, chisomo cha Ambuye..."

"Musandiuze za chisomo! Ine zaka makumi awiri ndikusesa m'tchalitchimo. Awa angobwera dzulodzuloli, mpando womwewo, mkanjo womwewo?"

Nkhalamba ija inavula chipewa. "Akunena zoona, abusa. Sindine woyenera. Ndilowa ndi malaya angawa."

Apa ndiye Telala anapsa mtima koposa. Palibe chowawa ngati kukunga chibakera, mnzako n'kungogwada. Abusa, pokhala munthu wodziwa pothawira, anati ali ndi odwala oti akawaone. Bambo aja anatsala pabenchi ya makasitomala, chipewa chili pamaondo.

Telala anasolola mkanjo uja m'kabati. Ankafuna awaonetse ndi maso awo kuti nsalu yotalikitsira palibe, azipita. Atautembenuza kunsi, chala chake chinagunda kansalu kowonjezera m'nthiti, kosokedwa ndi ulusi wabuluu. Anali atakaona kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankakadutsa msangamsanga.

Kansaluko kanali kake. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tsiku loti mawa abatizidwa, mkanjo unakana kutsika pamimba. Mimbayo inali ya mwamuna wa mwini, bambo wa ana atatu, amene anasiya nyumba yake chaka chathunthu chifukwa cha iye. Ana a kumenekonso ankagona ndi njala. Mayi ake anayang'ana mimbayo, osafunsa kanthu. Anavula duku lawo loyera, n'kulidula, n'kuwonjezera m'nthitimo ndi ulusi umene unali pamakina.

"Amayi, ndisapite," iye anatero akulira. "Sindine woyenera."

"Woyenera akatani kumadziko?" anayankha mayi ake, singano ili pakamwa. "Kweza mikono."

Telala anakhala pansi. Mkwiyo sunathe ayi, unangosowa kolowera. Anakwiyira mayi ake chifukwa cha ulusi wabuluu wosabisikawo. Anakwiyiranso Mulungu, amene amatsegula chitseko osayamba wafunsa anthu amene analumidwa. Telala nayenso analowera pachitseko chomwecho, inde, koma zimenezo sizinamulepheretse kutukwana chamumtima.

Anatenga lezala n'kuyamba kusosola mpindiro wam'munsi, mwaukali, kuti aone pamene uthere. Mpindiro unatambasuka kamodzi. Unatambasukanso kachiwiri. Mayi ake anali atapindira mkati nsalu yokwana zikhatho ziwiri, mayi omwe aja amene ankatolera tizidutswa pansi kuti pasatayike kanthu. Mumpingo monse munalibe munthu wamtali chotero. Sanakhalemo chiyambire, ndipo Telala ankadziwa mmodzi yekha: bambo ake.

Misozi inagwera pansalu, iye n'kuipukuta msanga kuti isadetse mkanjo.

"Imirirani," anatero mosayang'ana kubenchi.

Nkhalamba ija inadzuka. Telala anaiveka mkanjo mokoka, ngati akuveka mwana wosamva, n'kugwada pansi ndi mapini pakamwa. Nsalu inatsika mpaka m'zidendene, osaperewera, osatsalako.

"Mwanangu, ine..."

"Sindinakukhululukireni, musadzinamize," anatero Telala. "Wongokani, bambo. Mukupotoza mzere wa amayi."