Denga Lobwereka la ku Mpalira

Kachipatala ka m'mudzi wa Mpalira, m'boma la Ngauma, kanalibe denga. Malata anapita ndi nkhondo, ndipo anthu pobwerera kuchokera kumisasa ya ku Malawi anangopeza makoma. Namwino Hortência ankachiritsa amayi oyembekezera pakona imodzi yofoleredwa ndi udzu wothonya.

Chilimwe china kunamveka kuti kukubwera aphungu a Nyumba ya Malamulo, a kagulu kotchedwa komisau yoona zaumoyo, kudzaona ngati ntchito yomanganso zipatala ikufika kumidzi. Bambo Saide, mtsogoleri wa gulu la obwerera kwawo, anaitanitsa msonkhano.

"Ku Malawi tinkaima pamzere kuti alendo ajambule usiwa wathu," anatero. "Zimenezo zinatha. Kuno ndi kwathu. Akuluakulu a ku Maputo asatipeze ngati opemphapempha."

Anthu anaomba m'manja, koma Hortência anaimirira.

"Bambo, amenewa si alendo odzacheza. Aphungu onse sangafufuze nkhani iliyonse, ndiye amagawana timagulu. Kagulu aka ndi maso a Nyumba yonse. Zimene kaone ndi zimene kakanene, ndipo nduna ikapanikizidwa ndi mafunso kuchokera pamenepo. Asiyeni aone makoma mmene alili."

"Inu a jakisoni, dziwani za jakisoni," anayankha a Saide, anthu n'kuseka. "Zolandira alendo tisiyireni."

"Nanga ine ndidzachirira pati, baba?" anafunsa Antónia, mwana wawo, yemwe ankayembekezera kuchira nthawi ya dzinja.

"Iwe alendo akadzabwera udzakhale kukhitchini."

Tsiku la alendo, Hortência anaperekeza mayi wina wodwala kwambiri kuchipatala cha ku Mandimba. Pobwerera madzulo anatsika panjinga n'kuima chilili, akuganiza kuti wasokera. Kachipatala kanali ndi denga lonyezimira. Anali malata a mzikiti umene unkamangidwa, ongopsinjiza ndi miyala. M'kati munali mabedi a panyumba ya alendo ya a Amade, wamalonda wa pamsika. Pashelefu panandandalikidwa bwinobwino makatoni a mankhwala opanda kanthu.

"Ndani wachita zimenezi?" anafunsa.

"Tonse," anatero Antónia. "Phungu wina wamayi anafunsa mobwerezabwereza ngati pali vuto. Baba anati vuto ndi lakuti alendo adya pang'ono."

M'mawa mwake malata anabwerera kumzikiti, mabedi kwa eni ake.

Mitambo itayamba kusonkhana, anthu anamva nkhani pa wailesi ya pagolosale ya a Amade. Komisau ija inali itafotokoza zimene inapeza. Inadzudzula kuti zipatala zingapo za kufupi ndi Cuamba zinali zosafolera, ndipo Nyumba inagwirizana kuti zimenezo zikonzedwe msanga. Kenako wolengeza anatchula Mpalira, mudzi wachitsanzo umene unadzikonzera wokha chipatala, wosafunikiranso thandizo.

A Amade anatsala kukamwa kuli yasa, shuga akutayikira pambali pa sikelo.

"Wailesiyi yanama!" anakuwa a Saide.

"Sinaname, bambo," anatero Hortência mofatsa. "Komisau yagwira ntchito yake. Komwe inaona makoma, yawamenyera nkhondo. Kuno yanena zimene munaionetsa."

Antónia anayamba kumva zowawa masana ena mvula ili pakati. Udzu wa pakona paja unalephera, madzi n'kumatsikira pamphasa pomwe anagona. Hortência anatulukira pakhomo atanyowa yense.

"Chilichonse chotchinga! Msanga!"

A Saide anathamangira kwawo. Pansi pa bedi panali lona wa buluu wa kumsasa, amene analumbira kuti sadzamutambasulanso moyo wawo wonse. Anamutambasula. Iwo ndi a Amade anamuponya pamwamba pa makoma n'kuima kunja, aliyense atakoka chingwe chake, mvula ikuwakwapula kumsana, mpaka kulira kwa khanda kunamveka.

Namwino atatuluka kudzanena kuti mayi ndi mwana ali bwino, a Saide sanasiye chingwe.

"Mayi namwino, aphungu aja amabweranso?"

"Amabwera. Komanso sitiyenera kuwadikira. Komisau imalandira madandaulo a anthu wamba, ngakhale a ife a ku Mpalira. Koma denga la chaka chino latipita."

A Saide anayang'ana lona uja, madzi akutsika m'ndevu.

"Akadzabwera," anatero, "wina aliyense asadzagwire tsache."

Phunziro: Kagulu ka aphungu kakabwera kudzafufuza, si mlendo womubisira usiwa. Kamakanena zimene kaona ndi kumva, ndipo boma limagamula kuchokera pamenepo. Kunena vuto lanu pamaso pake si kupempha, ndi ufulu wanu.