Jombo za Aganyu a Ba Gabson

Trinity anali atagwira nsonga ya tenti, akudikira kuti atate ake aang'ono, Ba Fanwell, amasule chingwe chomaliza, pamene anaona anthu awiri akupatuka pamsewu waukulu kulunjika kwawo. Patsogolo panali Ba Phinias, bambo wa ndevu zaimvi. Wam'mbuyoyo sanafunike kumuyang'ana kawiri. Kayendedwe ka Derrick ankakadziwa, konyang'wa pang'ono ngati munthu amene akumva nyimbo yakeyake m'mutu. Tenti inamupulumuka.

"Iwe Trinity, manja ako ali ndi sopo?" anafunsa Ba Fanwell, koma mosakwiya.

Linali Loweruka, patapita masiku awiri chiikireni m'manda atate ake, Ba Gabson. Anagona Lolemba atadya bwino, osadzukanso. Maliro anayenda bwino, aliyense ku Chinyunyu ankatero. Kwaya ya ku Mpanshya inabwera yodzaza lole, ufa unakwanira, ndipo panalibe amene anatukwana mnzake. Tsopano pakhomo panatsala phulusa, fungo la utsi m'zovala, ndi abale ochepa amene ankayamba kuseka akakumbutsana zina za malemu.

Alendo aja anakhala pa njerwa, napereka moni wautali monga zimakhalira pa nyumba ya maliro. Kenaka Ba Phinias anakhosomola.

"Ba Fanwell, n'zamanyazi kubwera ndi nkhani misozi isanaume. Koma Lolemba lili pafupi. Tabwerera jombo zathu."

Ba Gabson anali kapitawo wa kontrakitala wamng'ono amene anapatsidwa ntchito yokumba ngalande ndi kuwaka miyala m'mbali mwa msewu mvula isanabwere. Kampani yaikulu imene inkamanga msewuwo inkaveka anthu ake kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Aganyu asanu ndi atatu a kontrakitala wamng'onoyu ankangolandira zipewa zolimba ndi timalaya tonyezimira. Jombo zawo zinkagona pakhonde pa Ba Gabson: m'mawa ankadzavala, madzulo n'kudzavula. Ndi madzulo amenewo pamene Trinity, amene anamaliza sukulu chaka chatha ndipo ankadikirabe malo ku koleji, ankapeza chifukwa chosesera pabwalo posesedwa kale. Koma tsiku limene Ba Fanwell anafika kuchokera ku Lusaka, anasonkhanitsa chilichonse chooneka chachimuna, njinga, wailesi, makasu, jombo zonse m'thumba, natsekera m'chipinda cha malemu.

"Jombo zili mkati," anatero Ba Fanwell, akugwira thumba la malaya mmene munali kiyi. "Ndipo katundu wa malemu satuluka asanagawidwe. Akulu athu Ba Gershom abwera kumapeto kwa mwezi kuchokera ku Kabwe. Tidzawaza madzi, tidzapemphera, tidzagawa. Pamenepo mudzalankhule."

"Kumapeto kwa mwezi ntchito idzakhala ya ena," anatero Derrick, maso pansi. "Pageti ya kampu ya kampani yaikulu pali mayi woona za chitetezo. Sayang'ana nkhope uja, ayang'ana mapazi chabe. Wopanda jombo salowa. Manje abwana akuti tikalephera kulowa Lolemba, atenga anthu a ku Chongwe."

"Si za atate jombo zimene zija!" Mawu anamutuluka Trinity asanawaganizire.

Ba Fanwell anatembenuka pang'onopang'ono. "Giredi twelofu yakuphunzitsa kulowa nkhani za akulu? Anagula ndani?"

"Ba Gabson," anavomera Ba Phinias.

"Ndiye ndi za yani?"

Alendo anatsanzika mwaulemu. Pamene ankaimirira, Trinity anaona phazi la Derrick mu patapata: chala chachikulu chinalibe chikhadabo, panangotsala kachipsera kosalala. Anakwiyira dziko lonse, kuyambira Ba Fanwell mpaka Ba Gershom ndi mabasi onse a ku Kabwe.

Madzulo a tsikulo anakhala kuseri kwa nyumba ndi azakhali ake, Ba Justina, akutsuka mapoto obwereka. Ba Justina anali mlongo wamkulu wa malemu, mayi wogulitsa tomato pamsewu, wa mawu ngati hutala ya lole. Trinity ankapukuta poto mmodzi yemweyo, maso ali pa zenera la chipinda chotsekedwa. M'maganizo mwake anali atalowa kale, atasenza thumba lija pamutu, akuyenda m'mbali mwa msewu mphepo ikuwulutsa chitenje, Derrick ataima patsogolo pake, akusowa chonena.

"Zenera limene lija lili ndi zitsulo," anatero Ba Justina osadzutsa mutu. "Ndipo chiuno chako si cha mwana wa giredi wanu."

"Ba anti!"

"Awe, ine ndangonena za zenera. Koma ndifunse, mwandi: ukulirira mapazi asanu ndi atatu kuwirikiza kawiri, kapena awiri chabe?"

Trinity anabisa nkhope m'poto. Ba Justina anaseka mpaka kutsokomola, kuseka koyamba kuchokera Lachiwiri, kenaka anapukuta maso ndi nsonga ya duku.

"Usamuone ngati woipa Fanwell. N'zoona, diso lake lili pa jombo imodzi yaikulu, ndinamuona akuyesa ndi chikhatho. Koma mwambowu si wankhanza. Chovala chimene munthu anatulutsiramo thukuta chimakhala ndi mwini wake. Ukachipereka chisanawazidwe, wapatsa mnzako mtolo umene sakuuona."

Trinity anasiya kupukuta. "Nanga chimene sanatulutsiremo thukuta?"

Ba Justina anamuyang'ana nthawi yaitali, thovu likudontha m'manja.

"Atate anali ndi phazi laling'ono," anapitiriza Trinity, mawu akuthamanga. "Nsapato zawo za kutchalitchi ndinkatha kuvala ine. Zija ndi zazikulu ngati mabwato. Sanavalepo ngakhale imodzi. Tiyeni tikawauze tsopano, Ba anti, pompano!"

"Khala pansi, iwe moto wa udzu. Fanwell ukamupatsa usiku woganiza, amadzuka ndi malamulo atsopano. Amafunika kumugwira m'mamawa asanamwe tiyi. Tumiza mawu kuti Lolemba abwere onse, nthawi yawo ya masiku onse."

Lamulungu linali lalitali ngati chaka. Trinity anaimba kutchalitchi osamva zimene ankaimba. Anapita kukakhala ndi amayi ake, Ba Edna, amene chifikireni maliro ankakhala pamphasa m'chipinda chochezera, atavala zakuda, akulankhula mawu awiri kapena atatu pa tsiku. Anawafotokozera zonse. Ba Edna anangomusisita dzanja.

Lolemba dzuwa lisanakwere, amuna asanu ndi atatu anaima pabwalo, zipewa zolimba m'manja, timalaya tonyezimira pamapewa, kumapazi mapatapata ndi nsapato za matayala. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kusukulu, Trinity anadzuka nkhuku zisanatuluke m'khola. Ba Fanwell anatuluka ndi mswachi kukamwa, naima.

"Nanga izi?"

"Bweretsa kiyi, Fanwell," anatero Ba Justina.

"Ba sisi, tinagwirizana kuti katundu sagawidwa."

"Ndani wanena zogawa? Ndifuna kuona chabe. Kuona n'koletsedwa? Mchimwene wanga ameneyu ndinamubereka kumsana iwe usanabadwe."

Chitseko chinatsegulidwa. Ba Justina anakoka thumba mpaka pakhonde nakhuthula. Jombo zinagwa mulu, zina zakuda, zina zofiirira, zonse zachitsulo kutsogolo, zonse zakale koma zopakidwa mafuta. Analowanso natuluka ndi nsapato imodzi ya kutchalitchi ya malemu. Anaiyika pambali pa jombo yoyamba. Inaoneka ngati mwana waima ndi bambo ake. Anayesa yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza.

"Tandiuze, Fanwell, Gabson anavala iti pamenepa?"

"Koma anagula ndiye."

"Sindinafunse za kugula. Madzi timawaza pa chimene munthu anagula, kapena pa chimene anavala? Buledi amene anagula Lolemba lija munadya ndi tiyi, sindinaone mukudikira Ba Gershom."

Wina mwa aganyu anabisa kuseka m'chipewa. Ba Justina ananyamula jombo yaikulu kuposa zonse, nainunkhiza, nabweza mutu msanga.

"Mayo! Ili si thukuta la kwathu. Mwini wake ndani, adzapepese?"

"Yang'anani pa lilime lake, amayi," anatero Ba Phinias.

Trinity anatenga jombo ija napinda lilime. Mkati munalembedwa ndi penti yoyera, m'malembo opendekeka a atate ake: KINGSFORD. Anatenga ina: PHINIAS. Ina: DERRICK, ndipo iyi anaigwira nthawi yaitaliko kuposa zinazo, mpaka azakhali ake anakhosomola.

Ba Fanwell anachotsa mswachi kukamwa. "Ngati ndi zanu, bwanji zinkagona pano?"

Amuna aja anayang'anana, kenaka onse anayang'ana Kingsford, chimphona chimene chinayamba kukanda m'khosi.

"Poyamba tinkapita nazo kunyumba," anatero Ba Phinias. "Ndiye uyu anapita nazo ku ukwati ku Shikabeta. Anavina masiku awiri, n'kubwereketsa mlamu wake kuti akalimire. Lolemba anabwera kuntchito ndi patapata, tsiku lonyamula miyala. Ba Gabson sanamukalipire. Anamukhazika pansi pa mtengo tsiku lonse, akugwira mbendera yofiira ngati mwana wa sukulu. Kuyambira pamenepo, jombo zimagona kwa kapitawo."

"Unali ukwati wabwino," anatero Kingsford motsitsa, ndipo bwalo lonse linaphulika.

"Chikhadabo cha Derrick ndicho chinayambitsa nkhani ya jombo," anapitiriza Ba Phinias kuseka kutatha. "Mwala unamugwera sabata yoyamba. Ba Gabson anapempha abwana jombo katatu, abwana ankangoti mawa. Ndiye anayamba kugula okha. Akapita ku Lusaka, ankabwera ndi peyala imodzi ya salaula, yovalidwapo kale. Anatiyeza mapazi ndi kamtengo, aliyense kamtengo kake. Chichokereni apo palibe wapita kuchipatala, shuwa, ngakhale mmodzi."

Ba Fanwell anayang'ana jombo ya Kingsford, nayang'ana phazi lake lomwe.

"Munthu ameneyu," anatero. "Ine ndinamupempha jekete chaka chatha, anandiuza kuti zinthu zavuta." Anapukusa mutu, koma pakamwa pake panali kumwetulira. "Tengani, tengani, musanachedwe. Koma Ba Gershom akafunsa, ndidzati ndi Ba sisi."

"Udzatero," anavomera Ba Justina. "Gershom nayenso ndinamusambitsa."

Thumba litapindidwa, pansi pa chitseko panaoneka jombo zina ziwiri zazing'ono, za phazi la malemu, zopanda dzina pa lilime. Ba Fanwell anazinyamula ndi manja awiri nazibweza m'chipinda, natseka.

Amuna aja anayandikira mulu uja. Derrick anatambasula dzanja kwa Trinity.

"Dikirani."

Anali Ba Edna. Anaima pakhomo, chitenje chakuda chili pamapewa, maso akuphethira ndi kuwala kumene sanakuone masiku angapo. Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, nakhala pa sitepe, natambasula manja kuti Trinity awapatse jombo imene anagwira. Anaizondotsa, naigogoda pa simenti. Go, go. Anasuzumira mkati, napisamo dzanja mpaka kuchala, kenaka n'kuipereka kwa Derrick. Anatenga inzake. Go, go.

Trinity anaima chilili. Phokoso limeneli ankalidziwa. Linkamufika m'tulo m'mamawa uliwonse kudzera pakhoma, ndipo iye ankatembenuka n'kudzifunditsa bulangete, akuganiza kuti ndi mbuzi zikugunda chitseko cha khola.

"Amayi, musavutike," anatero Ba Phinias, "tivala chabe."

"Zinkhanira za mwezi uno zimakonda mdima," anayankha Ba Edna osadzutsa mutu. "Ba Gabson ankazigogoda chonchi tsiku lililonse musanafike. Ankati musadziwe, mungayambe ulesi wosayang'ana nokha."

Kingsford, amene anali atapisa kale phazi limodzi, analitulutsa mwakachetechete naika jombo yake pamzere. Trinity anakhala pansi pambali pa amayi ake, natenga yotsatira, naizondotsa.