Mango Aawisi a Pak Kasiran

Ine si munthu waukali ayi. Funsani aliyense kwathu kuno ku Klaten, akuuzani kuti Bu Tarmi, kapena kuti Mayi Tarmi, wogulitsa nthochi zokazinga pafupi ndi mzikiti sakweza mawu. Kungoti muzifunsa za zaka zam'mbuyomo, chaka chathachi muchisiye kaye.

Zinayamba ndi kutentha. Ndili khale, moto uja buu kuchokera pachifuwa mpaka kumutu, thukuta kamukamu ngati ndaweramira mphika. Kenaka mtima unayamba kudziyendera wokha. Amuna anga, Pak Kasiran, ndiye kuti Bambo Kasiran, ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma ndi chaka chathachi pomwe ndinazindikira kuti amapuma mwaphokoso. Ndinawauza. Anandifunsa mwaulemu kuti ndiye azipumira kuti. Njiwa yawo yam'khola, imene amaikonda kuposa ine, ndinaiuza kuti ikalira kamodzinso ilowa m'chiwaya, ndipo madzulo ake khola linasamukira kwa aneba. Tsiku lomwelo ndinalira misozi chifukwa cha katsikana kotsatsa sopo pa kanema.

Chimene chinkachitika ndinkachidziwa. Miyezi isanu inali itadutsa ndisanapite kumwezi, ndipo ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Koma sindinauze munthu. Ndikanayambira pati? Zimenezi kwathu sitikambira pa mpunga.

Ndiye Ramadani inakwana. Paja mkazi akakhala kumwezi sasala kudya ndipo saswali, amadzabweza masikuwo m'tsogolo. Ine ndi mwana wanga Kinasih tinali ndi kamwambo kathu kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Masiku athu ankakonda kugwera pamodzi, ndiye dzuwa likafika paliwombo, bambo ake atagona chagada pakhonde ndi njala, ife tinkatseka chitseko cha kukhitchini n'kukazinga nthochi zinayi, tiyi wozizira pambali, kudya monong'ona uku tikuseka amuna. Masiku akasemphana, wina ankadya, wina kuyang'anira pakhomo. M'khitchini mmenemo ndi mmene anandiuza kuti walephera masamu, mmenemonso ndi mmene ananditchulira koyamba dzina la Danang, mnyamata amene ankati amukwatire Idi ikangodutsa n'kupita naye kutali ku Batam. Imeneyi inali Ramadani yake yomaliza pakhomo panga.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri la Ramadani, cha m'ma wani koloko, moto uja unandigwira. Kukhosi kuli gwa, madzi osaloledwa, nsalu yakumutu yanyoweratu. Ndili choncho Kinasih analowa m'chipinda monyang'ama, mbale ya nthochi ataibisa kumbuyo, maso akuseka.

“Bu, ine ndayamba. Tiyeni, abambo agona. Nanga inu chaka chino mwachedwa bwanji?”

Abale, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinamufunsa kuti anamulemba ntchito yowerenga masiku anga ndani. Ndinamuuza kuti akwatiwe msanga azikawerenga a apongozi ake, mwina nyumba ino n'kupumako. Dzanja nalo silinafune kutsalira, linakankha mbale ija, nthochi zonse zinayi pansi.

Kinasih sanalire. Anatola nthochizo imodziimodzi, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga, amene anabadwa ndi pakamwa ngati panga, anasanduka waulemu. Ndikamutuma, inde Bu. Ndikamukalipira, pepani Bu. Ndinayesa dala kunyoza diresi lake laukwati kuti mwina andibwezere mawu, iye anangoti ndanena zoona. Bola munthu akutukwane kusiyana ndi ulemu woterowo. Kenaka anauza bambo ake, ine ndikumva, kuti tsiku la Idi akangopereka moni adzapita kwa azakhali ake ku Solo, ndipo adzakhala komweko mpaka ukwati, kuti amayi apume. Mtima unandipweteka kwambiri. Ndinkafuna kumuitana, koma ndikatsegula pakamwa pankatuluka za mbale zosatsuka.

Pak Kasiran nawo anayamba zachilendo. Choyamba anandikumbutsa kuti mkwiyo umachepetsa madalitso a kusala. Sanabwerezenso. Kenaka anayamba kundilanda ndowa ndikamatunga madzi, kundiletsa kukwera njinga yamoto, kundiikira pilo kumsana. Ndipo madzulo alionse, nthawi yomasula kusala, anthu akulandira zipatso za tende ndi tiyi, ine pambale panga pankakhala mango aawisi, oduladula bwino, mchere ndi tsabola pambali. Munthu wasala tsiku lonse, m'mimba muli pululu, n'kumupatsa mango owawasa? Ndinkawakankhira kumbali. Iwo ankangomwetulira ngati munthu amene wabisa mphatso m'thumba, mawa lake n'kubweretsa ena.

Idi inafika. Titabwera koswali, tinakhala pabalaza monga mwa mwambo wathu, wamng'ono kugwadira wamkulu, kuika mphumi pamaondo ake n'kupempha chikhululuko pa zolakwa za chaka chonse. Chikwama cha Kinasih chinali kale pakhomo. Ndinayamba ndine. Ndinagwada pamaso pa amuna anga, maondo akulira ngati nsungwi zouma, ndipo ndinanena mawu amene timanena chaka ndi chaka. Iwo anandigwira mutu ndi manja onse awiri.

“Bu, wolakwa ndine. Pamsinkhu uno sindikanayenera kukuvutitsani chonchi. Koma musaope, mwanayu tilera limodzi. Anthu aseke, atopa okha.”

Ndinadzutsa mutu. Ndinawafunsa kuti mwana wake uti.

Anandifotokozera modekha, monyadira ndithu, kuti iwo si mwana, amaona. Miyezi isanu ndikuswali osadumphitsa tsiku, Ramadani yonse ndasala yathunthu, ukali, misozi, thukuta, zonse ndendende ngati nthawi ya mimba ya Kinasih. Anali atauzako kale mkulu wawo, komanso anali atafunsa kalipentala za kabedi ka mwana.

Tsiku lokhululukirana limenelo, mazenera ali otsegula, aneba akudutsa atavala zoyera, ine ndili chigwadire, ndinakuwa.

“Mimba yake iti, bambo inu! Zinatha! Ndinasiya kusamba, ndakalamba, mwamva? Mango anuwo kadyetseni njiwa!”

Panja wina anatsokomola n'kufulumiza mapazi. Pak Kasiran anatsegula pakamwa, anatseka, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati kalipentala uja amuuze kuti asiye. Kinasih anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kwa m'mphuno kuja, ndipo ine ndinayamba kulira.

Tsopano inali nthawi yoti iye adzandigwadire. Kwathu mayi sagwadira mwana, sizinamvekepo. Koma kunena zoona maondo anali atakana kundidzutsa, ndipo poti ndinali kale pansi, ndinangokwawa mpaka pomwe anakhala. Anayesa kundidzutsa, akuti Bu musatero, anthu aona. Ndinamuuza kuti anthuwo amva kale zokwanira. Ndinaika mphumi pamaondo ake.

“Undikhululukire, mwanawe. Sindinkafuna kuti uchoke. Unabwera ndi nthochi zija, ine ndilibenso chifukwa chodyera nawe. Ndinaona kuti khitchini yathu ija yatha, ndiye ndinakwiyira iweyo poti ndiwe unali pafupi.”

“Ndiye osangonena bwanji, Bu? Masiku khumi ndi asanu ndi atatu ine ndikuti mwatopa nane.”

Moto uja unasankha nthawi yomweyo kubwera. Kinasih anaona thukuta, anatenga chivundikiro cha chitini cha mabisiketi n'kuyamba kundikupiza. Atatha anandikoka dzanja, bambo ake akukankha kumbuyo, mpaka ndinaima. Sanatenge chikwama chija. Anandilowetsa kukhitchini n'kutseka chitseko, ngakhale linali tsiku loti dziko lonse likudya poyera, ndipo anaika chiwaya pamoto. Pak Kasiran anagogoda kufunsa ngati angalowe. Tonse awiri tinayankha kuti ayi.

Akusenda nthochi, Kinasih anandiuza kuti nyumba ya Danang ku Batam ndi ya chipinda chimodzi, khitchini yake ilibe n'chitseko chomwe. Ndiye Ramadani ya chaka chamawa, masiku ake akakwana, azidzandiimbira foni masana, iye azidya, ine ndizimuyang'anira pakhomo ndili konkuno ndi njala yanga. Ndinafuna kunena mawu okoma, ndithu ndinawakonza. Koma maso anagwera m'chiwaya.

“Mafuta onsewo ndi a nthochi zinayi? Ndipo wapseretsa. Ukakaphika chonchi kwa eni ake adzati unaleredwa ndi ndani?”

“Ndi mayi wina wake wolongolola wa ku Klaten. Ngati zakunyansani kazingani zanu.”

Ndinakhala pansi n'kudya zitatu, zopserera zomwezo.